Liwu la Maphatikizo Asanu

Foni ija inalankhulanso, kamawu ka mzimayi wa m'makina kosadziwa kutopa: uskifteattest. Lusi anapukuta chala pa epuloni n'kudinanso. Uskifteattest.

"U-is-kip," anatero Lusi, n'kulekeza panjira.

Sunniva anaima pakhomo la khitchini ndi sokosi zokha, foni yake m'manja, mutu ukugunda. Dzulo lomweli waika bambo ake m'manda, lero akudzutsidwa ndi sukulu ya mkaka. Mbendera panja inagona pamwamba pa mtengo mmene anaikwezera pochoka kumanda, palibe anakumbukira kuitsitsa, ndipo aneba anali ataona kale, zimenezo n'zosachita kufunsa. M'sinki munali mbale zobwereka kutchalitchi, zotsala za buledi wa mazira ndi nsomba zitauma m'mbali. Fungo la adyo, viniga, ndi maluwa a pamaliro oyamba kuolera m'mabotolo.

Lusi anali mkazi wa bambo ake. Wachiwiri, wochokera ku Philippines, amene anafika pachilumba chawochi Sunniva ali kusekondale, mayi ake atasamuka kale kupita ku Bodø ndi mwamuna wina. Dzina lake lenileni linali lalitali, koma anthu analidula tsiku loyamba lomwelo, ati ndani angakwanitse. Lusi, basi. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito, Lusi. Abusa dzulo, bokosi lili pamaso pawo, Lusi.

"Si ski," anatero Sunniva akutsegula filiji. "Ndi shi. Ndiye f-yo musamaisandutse p. Komanso u woyambayo tulutsani milomo ngati mukuimba mluzu."

Lusi anatulutsa milomo. Zinaoneka zomvetsa manyazi moti Sunniva anayang'ana kumbali. Anamuuza kuti angotumiza imelo, kapena amupatse foni aimbe iyeyo, mphindi imodzi zatheka. Lusi anapukusa mutu. Ati kubanki atseka akaunti ya malemu, amuuza kuti abwere ndi chikalata cha dzina lovutalo kuchokera kukhoti, ndipo kukhotiko aimba yekha, ndi pakamwa pake.

Nkhani ya chikalatayo Sunniva ankaidziwa bwino, mchimwene wake Eskil anali atamudzazira mafoni ndi malinki chimwalirireni mdala. Chikatuluka, wamasiye amakhala ndi nyumba ndi zonse osagawa, mpaka atamwalira kapena atakwatiwanso. Ana ake omubala sangakane. Koma ana a mkazi wina ayenera kusayina kuti avomera, ndipo lamulo lili ndi dzina lawolawo la ana oterowo, særkullsbarn, ana a bere lina, ngati likuwerenga tiana ta mphaka. Wokana amalandira gawo lake pompano. Eskil anali atakana kale, asanatsike n'komwe pa pantoni. A kubanki anati angamubwereke Lusi zokwanira kulipira mwana mmodzi, osati awiri. Ndiye nyumba yonseyi, ndi denga lake ndi fungo lake, inatsamira pa dzanja la Sunniva. Akakana, Lusi alongedza.

Sunniva anakhala pansi ndi khofi. Mwangozi anakhala moyang'anizana ndi mpando wa bambo ake, maso n'kugwera pa tebulo, kudzanja lamanja la pomwe pankakhala mbale yawo. Pamenepo vanishi anatha kalekale, panatsala kadzenje kosalala ngati pomwe dontho lakhala likugwa zaka.

Bambo akewo, a Arnfinn, anali achibwibwi. Osati chamasewera, chija chakuti liwu limakakamira pakhosi, nkhope kufiira, mitsempha kudzuka. Pa pantoni pomwe anagwira ntchito moyo wawo wonse anawapatsa zingwe, ntchito yosafuna pakamwa. Kunyumba akafuna kunena kanthu ankaphwanya liwu m'maphatikizo, chala chikugogoda tebulo, phatikizo limodzi go mmodzi. Koma ndani anali ndi nthawi? Mayi ake a Sunniva ankawamalizira. Ana ankawamalizira. Wapagolosale, dokotala, abusa, aliyense. Munthu wangoti "ndi-ndi," wina wanena kale kuti akufuna khofi, khofi wafika, kaya amafuna tiyi. Anthu ankati n'chifundo.

Eskil ndi mkazi wake Benedikte anafika kuchokera kuhotela cha m'ma naini. Eskil anavula nsapato pakhomo monga munthu woleredwa. Benedikte anangolowa ndi majombo ake a mutauni, akudinda matope pa kapeti yomwe Lusi anakolopa dzana, n'kumukumbatira wamasiye ndi mkono umodzi, winawo utanyamula timapepala tomata ta mitundu itatu. Anafotokoza mokoma, ngati akuyambitsa masewera a pa bethide. Tobiriwira n'ta iwo, tachikasu n'ta Sunniva, tofiira n'ta zokataya. Ati n'zongothandiza kuti pasakhale mikangano, anachitanso chimodzimodzi pamaliro a agogo ake ndipo banja lonse linamuyamikira.

"A Lusi athu, inu musavutike ndi kanthu," anatero. "Ingopumani."

Pofika teni koloko nyumba inali itatuluka chikuku. Wotchi yapakhoma, kobiriwira. Wailesi, kobiriwira. Juzi yaubweya ya mdala, ikadanunkha dizilo ndi fodya, kofiira. Mpando wogwedera, kachikasu, ngakhale Sunniva sanaupemphe. Majombo awo a pa pantoni, aima pakhomo ngati mwini wake wangopita kuseri, kofiira phazi lililonse. Ka Yesu kakang'ono ka Lusi, kovala mkanjo wofiira pa shelefu, Benedikte anakayang'ana nthawi yaitali, kapepala kali pachala, kenako n'kukasiya. Tebulo la m'khitchini analimata kofiira, ati lagugika, taonani pomwe pathapa.

Sunniva ankangojambula ndi foni osadziwa kuti atumizira ndani. Analemba meseji kwa mnzake wa ku Trondheim, banja langa ndi anthu onyansa, n'kuifufuta. Analembanso, inenso, n'kuifufutanso.

Eskil anamukokera kudoko kuti akacheze awiri. Inali nyengo yoyanika nsomba, mathandala atadzaza mpaka kuphiri, mphepo ikubweretsa fungo lomwe alendo amatseka nalo mphuno ndipo eni mudzi amati ndi fungo la ndalama. Eskil anayatsa fodya wake wa batire n'kuyamba. Ati iye alibe chifukwa ndi Lusi, mayi wabwino, anasamala mdala mpaka mapeto, ndipo pa zimenezo lamulo lamupatsa kale gawo lake, lalikulunso. Koma nyumbayi anamanga ndi agogo awo. Khitchini anapenta ndi mayi awo. Lusi sanafike n'komwe zaka makumi asanu, adzawaika m'manda ndi iyeyo, ndipo pofika nthawi imeneyo zonse zidzakhala zitapita ku Philippines pang'onopang'ono, msuweni uyu sukulu, msuweni uyo denga. Pali kampani ya Ajeremani ikufuna nyumba za m'mphepete mwa nyanja zogonekamo alendo odzawedza, ikulipira bwino chaka chino, chaka chamawa kaya.

"Ndiye iwe," anatero akumuloza ndi kafodyako, "udzafera m'kachipinda ka nkhungu kaja? Zaka zonsezi lendi, lendi. Mdala wakusiyira chitseko, sisi. Usachitseke chifukwa cha misozi ya munthu."

Chowawa chinali chakuti sankanama. Sunniva ankagwira ntchito yoyankha mafoni kukampani ya intaneti, chomvera m'makutu tsiku lonse, bwana akuyang'ana kuti kasitomala aliyense watha msanga bwanji. Anali katswiri. Munthu asanamalize kudandaula, iye wadziwa kale, wayankha, wotsatira. Malipiro ake ankathera m'kachipinda komwe nsapato zimamera ubweya m'kabati. Gawo lake likanamugulira khomo lakelake. Ndipo Lusi sankamukonda, tisanamizane. Sanadane, koma sanakondane. Anali mayi uja woyankha foni ya adadi, wokazinga tinsomba touma m'mawa mpaka makatani kununkha.

Anauza Eskil kuti aganiza. Eskil anati aganize mwachangu, pantoni ya masana siidikira munthu, ndipo wogulitsa nyumba ali m'njira.

"Wogulitsa nyumba? Lero?"

"Kungoona mtengo. Kuona si kugula."

Mkuluyo anamupeza ali kale m'nyumba, wa suti yothina, mapulasitiki abuluu atavala kunja kwa nsapato ngati walowa mochitikira ngozi. Anapepesa maliro ndi mawu a pamtima ophunzira kukosi, kenako anapempha ngati maluwawo angasunthidwe pang'ono kuti ajambule. Benedikte ananyamula nkhata ya anzawo a mdala a pa pantoni, riboni yake ikukhwekhwereza pansi, n'kukaiika m'bafa. Mkulu uja ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti tsiku loonetsa nyumba ndi bwino kutsegula mawindo kuyambira dzulo lake, ogula ena amakhala ndi mphuno zovuta. Ananena akumwetulira kwa Lusi. Anagogoda khoma la kuchipinda komwe a Arnfinn anagona miyezi yawo yomaliza n'kunena kuti ili likhoza kugwetsedwa, pakhale balaza lalikulu loona nyanja.

Sunniva anawasiya pomwepo. Analowa m'bafa, anapeza nkhata ija, anatulukanso.

Lusi anali atayala tebulo. Makapu, mawafo otentha, zitumbuwa zakumeneko, tchizi chofiirira chodulidwa mopyapyala mmene mdala ankakondera. Pakati anaika pepala la kukhoti ndi cholembera. Anadikira onse akhale, iye anaima. Ananena pang'onopang'ono kuti sakufuna wotchi, sakufuna wailesi, atenge. Akungopempha kukhala. Ntchito yake ili pano, manda a mwamuna wake ali pano, ndipo kwawo anachokako kalekale moti akapita amamutenga ngati mlendo wobwera ndi chikwama.

Eskil anapaka jamu pa wafo yake mpaka m'mbali.

"Lusi, tamvera. Chinthu ukupemphachi ukuchidziwa? Chili ndi ngongole mkati, chili ndi malamulo. Tatchula kaye dzina lake timve."

"Eskil," anatero Sunniva.

"Ayi, ndikufunsa bwinobwino. Munthu usenze chinthu choti sungachitchule?"

Wogulitsa nyumba uja mwadzidzidzi anapeza kanthu kofunika kwambiri m'foni mwake. Lusi anaika dzanja pa tebulo. Anatulutsa milomo.

"U."

Chala chinagogoda. Go.

"Shif."

Go. F-yo inatuluka yeniyeni, ya mano pa mlomo, moti Sunniva anadzidzimuka. Kenako "te," go, kenako zii. Ma t aja anamuunjikira pakhosi. Khosi linafiira, chala chili m'mwamba, ndipo Sunniva anaona chinthu chomwe anakula akuchiona pa tebulo lomweli, kungoti nkhope inali ina.

"Uskifteattest," anatero Eskil, liwu lonse kamodzi ngati akulavula njere. "Mwaona? Ndi zimene ndikunena."

Benedikte anaseka pang'ono m'mphuno, n'kubisa ndi kapu.

"Sindinamalize," anatero Lusi.

Sanakweze mawu. Anati liwu limenelo sanaliyambe lero. Analiyamba ndi bambo awo, kuchipatala ku Bodø, dokotala atawauza kuti palibenso chochita. Loya wina anawauza kuti ana akhoza kuvomereratu bambo akadali moyo, ndiye a Arnfinn anati apempha okha, osati pa meseji, nkhani yotere siyolemba. Koma mawu ake onse a nkhaniyi ndi aatali, ndipo ankawakanika. Ndiye ankayeserera awiri, chala pa chitsulo cha bedi. Iwo akakakamira poyamba, iye amakakamira pakati. Manesi ankayesa akupemphera.

Eskil anati zimenezo n'zokoma kumva koma mdala sanamuuzepo kanthu.

"Anaimba," anatero Lusi. "Ndinawagwirira foni ndine. Anati, ndikufuna tikambe za, za. Inu munati, za matayala a chisanu? Ndikutumizirani nambala ya galaja. Munatumizadi." Anatembenukira kwa Sunniva. "Inu munati, za Khirisimasi? Ndibwera adadi, ndibwera, pano ndili bize."

Sunniva anaikumbukira foni imeneyo. Anali pa buleki, akudya masangweji ataima, diso pa wotchi. Anakumbukira kupuma kwawo kolemera, ndi kaphokoso kena kumbuyo, ngati munthu akugogoda paipi. Anakumbukiranso kuti atadula anadziyamikira kuti ndi mwana wabwino, wawapeputsira mdala. Pa Khirisimasi sanabwere, anamuika pa shifiti.

Sunniva anafunsa Lusi chifukwa chake sanalande foniyo n'kunena yekha.

"Ndiwamalizire?" anatero Lusi, ngati wafunsidwa kuti bwanji sanawabe m'thumba.

Eskil anaimirira n'kupukuta jamu kukamwa. Anati nkhani ya matayala si umboni, khoti silimva zogogoda, ndipo iye maganizo ake sanasinthe. Benedikte anayamba kukulunga wotchi yapakhoma m'thaulo la m'nyumba momwemo. Wogulitsa nyumba anasiya khadi lake pambali pa tchizi n'kutuluka chammbuyo, mapulasitiki akulira.

Sunniva anakoka pepala lija. Sanamve chikondi chilichonse. Anaona kachipinda kake, nkhungu ya pakona ija yooneka ngati mapu. Anasayina. Siginecha inatuluka yokhota ngati ya munthu wina.

"Wadzibera wekha," anatero Eskil ali pakhomo, akumanga zingwe za nsapato. "Usadzandiimbire ukulira."

"Ndikadzaimba udzandimalizira."

Eskil anatuluka. Galimoto inalira, inatsika kudoko, wailesi ndi wotchi zili pampando wakumbuyo.

M'nyumba munatsala awiri ndi timapepala. Lusi sanathokoze, ndipo Sunniva anasangalala kuti sanathokoze. Lusi anangothira khofi wina m'makapu awiri. Sunniva anayamba kukanda kofiira ka pa tebulo ndi chikhadabo. Kanachoka mbali imodzi, ulimbo n'kutsalira. Akukanda choncho anafunsa, osayang'ana, kuti kodi ankamvana bwanji poyamba paja, wina wachibwibwi, wina wosadziwa chilankhulo. Pachilumba ponse inali nthabwala imeneyo, ankati m'nyumba mwa Arnfinn mumalankhula filiji yokha.

Lusi anati n'zimene zinathandiza. Atangofika sankadziwa mawu, ndiye akanawamalizira ndi chiyani? Ankangodikira. Iwo anadabwa, anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina abwere adzawalande liwu, ndipo pamene sanabwere analimaliza okha. Podzadziwa chilankhulo anali atazolowera kudikira.

"Anthu inu mumati bambo anu anali ofatsa," anatero. "Ankalongolola bambo amene aja. Za ndale, za nsomba, za inu. Khofi ankazizira."

Lusi anayang'ana wotchi pakhoma, anapeza msomali wokha. Anayang'ana ya pa foni. Kukhoti anali asanatseke. Anasuntha mbale ya mawafo, anachotsa kansalu koluka komwe kankakhala pamalo pake nthawi zonse, n'kuika foni pakati pa tebulo, pa sipika.

Apo ndi pomwe Sunniva anaona. Pansi pa kansalu paja, pafupi ndi kadzenje ka bambo ake, motalikirana ngati chikhatho chimodzi, panali pena pomwe vanishi anatha. Pang'ono, posazama, pa saizi ya chala chaching'ono.

Foni inaitana. Anayankha mzimayi wa mawu otopa, anatchula dzina la khoti, anafunsa kuti ndani ndipo athandizidwe chiyani.

"Ndine Luzviminda," anatero, phatikizo lililonse pamalo pake, ndipo Sunniva anazindikira kuti dzinali analimvapo lonse kwa munthu mmodzi yekha, pa tebulo lomweli, ndi kugogoda kunayi. "Mwamuna wanga wamwalira. Ndikufuna kufunsa za."

Chala chinakwera.

"U." Go. "Shif." Go. "Te." Go.

Zii.

Liwu lija linali kale pa lilime la Sunniva, lathunthu, lopepuka, likukankha mano. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Sekondi imodzi, mayi apepukidwe, wa kukhoti apepukidwe, wotsatira. Anamva mzimayi wa pa foni uja akukoka mpweya kuti athandize.

"Dikirani," anatero Sunniva kwa foniyo. "Sanamalize."

Kenako anakhalira manja ake onse awiri.

Khosi la a Luzviminda linafiira. Panja pantoni inaliza hutala ikuchoka padoko. Chala chija chinasuntha pang'ono, chinasiya malo ake, chinakalowa m'kadzenje kakakulu kaja momwe chinkaoneka ngati cha mwana.

"At."

Go.

"Test."

Go.

Wa kukhoti anati chabwino mayi, pepani ndi zovutazi, tiyambe ndi dzina la malemu. A Luzviminda anakonza mpando, anatulutsa mpweya, anayamba kulitchula pang'onopang'ono. Khofi m'makapu muja anali atazizira, ndipo palibe anadzuka kukatenthetsa.